Mphindi Zinayi za Firiji

Singano anali mayi wokuta mipando ya galimoto. Shopu yake inali pamsewu wa magalaja, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi wogulitsa matayala akale, ndipo munkanunkha guluu chaka chonse. Dzinali anam'patsa ndi bambo ake akadali mwana, chifukwa anali woonda ndipo mawu ake ankabaya. Mlongo wake wamng'ono ankatchedwa Firiji. Ankakonza mafiriji ndi makina oziziritsa m'nyumba, koma anzake ankati dzinalo silinachokere kuntchito ayi. Munthuyo ngakhale umunyoze chotani, mtima wake sunkatentha.

Kuseri kwa shopu kunali kachipinda kopanda windo. Awiriwa anamata makoma ake ndi zidutswa za siponji zotsala pa mipando, zachikasu, zotuwa, zina zobiriwira, mpaka kudenga. M'menemo munali ng'oma za Firiji ndi gitala yamagetsi ya Singano. Loweruka lililonse akatseka shopu masana, ankalowamo, n'kukoka chitseko, n'kuyamba kuimba hevi meto, nyimbo zija za magitala olira ngati macheka ndi ng'oma zothamanga ngati matalala padenga la malata.

Zinayamba ndi chimbale chomwe Singano anachipeza pansi pa mpando wa galimoto ya kasitomala. Asanachibweze anachiika m'wailesi kuti amve zomwe zinalimo. Firiji, yemwe tsikulo anabwera kudzabwereka sipanala, anaima pakhomo osasuntha mpaka nyimbo yoyamba itatha.

"Asisi, anthu amenewa akwiyira ndani?"

"Sindikudziwa. Koma ndabwereza kachitatu tsopano."

Nyimbozo zinali za magulu akutali omwe sanawaonepo, ndipo mawu ake ambiri sankawamva. Singano ankamvetsera nyimbo imodzi masabata awiri kapena atatu uku akusoka, mpaka zala zake zitaidziwa. Pomwe pankayenera kukhala woimba, gitala ndi yomwe inkalankhula. Firiji ankatsamiritsa foni yake pamwamba pa firiji yakufa yomwe mwini wake sanabwere kudzaitenga, n'kujambula. Akatha ankaika vidiyoyo patsamba lawo la pa intaneti. Anachita zimenezi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo mavidiyo anapitirira zana limodzi ndi makumi anayi.

Oonera sanali ochuluka kwenikweni, koma anali okhulupirika. Ankalemba ndemanga m'zinenero zosiyanasiyana, ndipo Firiji ankazimasulira pafoni n'kumawerenga mokweza.

"Uyu akuti zala zanu zili ndi moto. Uyu akufunsa ngati makomawa ndi a keke. Uyu ndiye akunena ine. Akuti miyendo yanga ikuthawa nkhondo koma nkhope ikudikira basi."

"Sananame," anatero Singano. "Umaimba ngati uli pamzere wa kuchipatala."

Mkazi wa Firiji anali mphunzitsi wa masamu. Sankadana nazo zoimbazo, koma m'kachipindamo sanalowemo n'kamodzi komwe, ndipo mavidiyowo sankawaonera. Ankati phokoso amalimva mokwanira m'kalasi sabata yonse. Loweruka ankangouza mwamuna wake kuti akabwere ndi makutu ake onse awiri.

Foni ya Firiji inali yaing'ono malo. Vidiyo ikangokwera patsamba, iye ankaifufuta kuti mupezeke malo a ina. Singano anadandaulapo kamodzi.

"Bwanji osasunga penapake?"

"Zili pa intaneti, asisi. Kumeneko kulibe chiswe."

Firiji anamwalira Lachiwiri lina m'mawa. Ankamangirira makina oziziritsa kunja kwa nyumba yosanja, makwerero n'kuterereka. Omwe anali naye anati sanakuwe n'komwe. Foni inali m'thumba la malaya, ndipo anaibweretsa kwa mkazi wake m'kapepala, itaphwanyika ngati dzira.

Maliro atatha, Singano anabwerera kumipando yake. Ankasenda nsalu zong'ambika, kudula siponji, kusoka, kukhomerera mapini, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kachipinda kaja anakatseka ndi loko. Oonera ena ankafunsa kuti vidiyo yatsopano ibwera liti, koma iye analibe mphamvu zowayankha, komanso kulowa patsambalo ngati mwini wake sankatha. Zonsezo ankazidziwa ndi Firiji.

Amene anayamba kuonera mavidiyowo anali mlamu wake, mkazi wa Firiji uja. Anamuuza Singano patapita mwezi, atakhala pa mpando wa minibasi womwe unali usanakutidwe.

"Ndimaonera imodzi m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu. Ndinayambira pa yoyambirira. Phokoso ndimachepetsa, ndimangofuna kumuona."

"Mwafika pati?"

"Ya nambala sate wani. Akadali ndi ndevu zija ndinkadana nazo." Anaseka pang'ono, kenako anapukuta m'maso ndi chala. "Ndawerengera, alamu. Ndikamaonera imodzi patsiku, zindifikitsa kumapeto kwa temu yamawa."

Sizinamufikitse. Patadutsa masabata asanu, anatulukira pashopu nthawi yomwe anayenera kukhala m'kalasi, choko chikadali m'manja. Sanapereke moni. Anaika foni patebulo lodulira nsalu, pamaso pa Singano. Pomwe pankakhala tsamba lawo panali mawu ochepa chabe, onena kuti tsambali kulibenso.

"Mwachotsa chifukwa chiyani?"

"Ndachotsa chiyani?"

"Ngati zimakupwetekani inuyo, mukanangosiya kuonera. Ineyo mukanandifunsa kaye. Anali mlongo wanu, sindikukana, koma analinso mwamuna wanga."

Singano anatenga foniyo, n'kulembanso dzina la tsambalo, kawiri, katatu. Anayesa pa foni yake. Mawu anali omwewo. Ndiye lilime lake lija linamutsogolera asanaganize.

"Zaka seveni tikuimba kuseri kuno, inu simunaponde pakhomo paja. Lero ndi pomwe mwadziwa kuti mwamuna wanu ankaimba?"

Mlamu wake anatola foni yake, n'kusiya choko patebulo, n'kutuluka. Singano anafuna kumuitana, koma pakhomo panali pataima kale dalaivala wa lole atanyamula mpando pamutu, akufunsa ngati ungathe pofika Lachisanu.

Masana Singano anapita kwa wokonza mafoni wa pakona. Anali bambo wodekha, wovala magalasi awiri, ena pamphuno ena pachipumi. Anafufuza kwa kanthawi, kenako anafotokoza pang'onopang'ono ngati akuuza munthu za matenda.

"Nyimbo zomwe munkaimbazi zili ndi eni ake. Nthawi zambiri sazilabadira, koma pena kampani yomwe yagula nyimbozo imadandaula. Akadandaula, a tsambalo amatumiza chenjezo. Likafika lachitatu popanda woyankha, amatseka."

"Ife sitinalandire chenjezo lililonse."

"Linkapita ku imelo ya malemu, mayi."

Singano anafunsa ngati imeloyo ingatsegulidwe. Bamboyo anati pakufunika pasiwedi. Anayesa tsiku lobadwa la Firiji, dzina la mkazi wake, dzina la galu yemwe anali naye ali mwana, nambala ya njinga yake yamoto. Atalephera kasanu, makinawo anawauza kuti adikire mpaka mawa. Mawa lake anayesanso, n'kulepheranso. Za foni yophwanyika ija bamboyo anapukusa mutu. Anati ngakhale itadzuka, mavidiyowo anafufutidwamo kalekale ndipo pamalo pake panalembedwa zina.

Anamuthandiza kulemba kalata kwa oyang'anira tsambalo. Yankho linabwera mphindi yomweyo, lonena kuti mwini tsamba ndi amene ayenera kudandaula. Analembanso kuti mwini tsamba anamwalira. Yankho linabwera lomwe lija, osasintha ngakhale liwu limodzi. Singano analemba kasanu ndi kamodzi, ndipo ulendo womaliza sanapemphenso kuti tsamba litsegulidwe. Anangoti amupatse vidiyo imodzi yokha, iliyonse, iwo asankhe. Yankho linali lomwe lija.

"Kodi kumeneko kuli munthu?" anafunsa.

"Mwina alipo," anatero wokonza mafoni. "Koma kuti mum'peze ndiye ntchito."

Bamboyo ndi amene anaganiza zofunsa oonera. Anati mwa anthu onsewo sipangalephere mmodzi yemwe anasungako. Anatsegulira Singano tsamba latsopano, n'kumusonyeza magulu a pa intaneti momwe okonda meto amachezera. Singano analemba uthenga waufupi. Anati iye ndi mayi uja wa gitala wa m'chipinda cha masiponji, woimba ng'oma uja anali mlongo wake ndipo anamwalira, tsamba latsekedwa, ndiye aliyense amene anasunga kanthu amutumizire.

Mayankho anabwera ambiri kuposa momwe ankayembekezera. Wina anati ankaonera mavidiyowo ali m'chipatala miyezi itatu. Wina anati mwana wake wamkazi anayamba gitala ataona Singano. Gulu lina la anyamata linajambula nyimbo n'kulemba dzina la Firiji pa ng'oma yaikulu. Onse ankapepesa, ndipo onse ankanena chimodzimodzi, kuti sanasunge chifukwa ankaganiza kuti zidzakhalapobe. Singano ankawerenga mauthengawo pa nthawi ya nkhomaliro, foni itatsamira pa mashini osokera, n'kumayankha aliyense kuti zikomo.

Kwa mlamu wake sanapiteko. Kawiri konse anafika mpaka pa geti ya sukulu nthawi yoweruka, n'kubwerera. Ankaona kuti kupepesa chimanjamanja sikukwanira.

Sabata yachitatu kunabwera uthenga wochokera kwa munthu yemwe chithunzi chake chinali cha galu wovala chipewa. Singano anachizindikira nthawi yomweyo. Munthu ameneyu zaka zitatu zapitazo ankalemba ndemanga pansi pa vidiyo iliyonse, kuwerenga zolakwitsa zawo mphindi ndi mphindi. Apa ng'oma zathamanga, apa gitala yaphonya, apa mwawononga nyimbo ya eni ake. Kenako anadula zolakwitsazo, n'kuzilumikiza kukhala vidiyo imodzi yowaseka. Singano analumbira kuti sadzaionera, ndipo anakwiya sabata yathunthu. Pambuyo pake munthuyo anangozimiririka.

Uthenga wake, foni itaumasulira, unali wokhotakhota koma womveka. Anati iye ndi bambo wachikulire, anaimbapo ng'oma ali mnyamata mpaka mapewa atamukana. Anati zomwe anachita zija amachita nazo manyazi. Vidiyo yowaseka ija anaichotsa yekha patangopita masiku awiri, chifukwa Firiji anamulembera. Sanamutukwane. Anamuthokoza poonera mosamala chotero, n'kumuuza kuti waiwala cholakwitsa chimodzi chachikulu, ndipo anam'patsa dzina la nyimbo ndi mphindi yake kuti akawonjezere.

"Ndinasowa choyankha," analemba bamboyo. "Mavidiyo athunthu ndinafufuta nditadula zomwe ndinkafuna. Chomwe chatsala ndi choipachi basi. Ndafufuza mu kompyuta yakale masiku anayi. Ngati simukuchifuna ndimvetsa."

Singano anakhala ndi uthengawo tsiku lonse osayankha. Za kalata ya Firiji ija sankazidziwa. Madzulo akusesa zidutswa za ulusi, anaima, n'kulemba liwu limodzi: tumizani.

Vidiyoyo inali ya mphindi zinayi ndi masekondi ochepa. Anaionera yekha m'mawa mwake, atakhoma chitseko cha shopu ngakhale kunja kunali makasitomala. Inayamba ndi zilembo zikuluzikulu zonyoza, ndipo pakati pa zidutswa bamboyo anaikamo kulira kwa lipenga loseketsa. Koma kuseri kwa zonsezo kunali kachipinda kaja, ndipo Firiji anali momwemo. Ndodo inamupulumuka n'kuuluka, iye n'kupitiriza ndi dzanja limodzi uku akusuzumira pansi. Mbale yachitsulo ya pang'omapo inagwa ndi mwendo wake womwe. Anayetsemula pakati pa nyimbo katatu motsatizana osaphonya kugunda. Nsambo ya gitala inaduka, Singano wa m'vidiyomo n'kutukwana, Firiji n'kuphimba kamera ndi chikhatho.

Zambiri mwa zimenezi zinkapezeka patsamba chifukwa Firiji sankadula poyambira. Akalakwitsa n'kuyambiranso, ankaika zonse momwe zinalili. Singano ankamukalipira kuti akuwachititsa manyazi pamaso pa dziko lonse, iye n'kumati kudula kumatha batire.

Chidutswa chomaliza chinali chachitali kuposa zinzake. Nyimbo inali itangoyamba pomwe Firiji anayang'ana kumbali, komwe kunali Singano kunja kwa chithunzi. Nkhope ija yodikira basi inasweka. Anasiya kuimba, n'kuyamba kuseka, kuseka mpaka anagoneka chipumi pa ng'oma, mapewa akugwedezeka. Atadzutsa mutu m'maso munali misozi.

"Ayi, asisi, ayi. Tiyambirenso."

Pamenepo lipenga lija linalira, vidiyo n'kutha.

Singano anakhala pansi pa simenti, pakati pa mipando iwiri yosendedwa. Pa maliro sanalire kwambiri, chifukwa panali zambiri zoyendetsa ndipo aliyense ankafunsa iye. Tsikuli analira mpaka wowotcherera zitsulo anazimitsa makina ake n'kubwera kudzagogoda.

Wokonza mafoni anati akhoza kuchotsa zilembo zoyambirira ndi malipenga ena, koma ena analowerera m'mawu ndipo kuwachotsa kukanadula ndi mawu a Firiji omwe. Singano anati awasiye. Bamboyo anakopera vidiyoyo m'timakhadi titatu tosungira zinthu m'foni, n'kukana kulandira kanthu.

Lamulungu masana Singano anapita kwa mlamu wake. Nyumbayo inali ya zipinda ziwiri, kuseri kwa nyumba ina yaikulu. Pakhonde panali pakadali botolo la gasi la Firiji ndi bokosi lake la zipangizo, zitafundidwa pulasitiki. Mlamu wake anatsegula chitseko atagwira cholembera chofiira. Patebulo panali mulu wa makope a ana.

"Lowani," anatero, osamuyang'ana kumaso.

Singano anakhala pamphepete pa mpando womwe anaukuta yekha ngati mphatso ya ukwati wawo.

"Alamu, ndinalankhula zoipa tsiku lija. Pakamwa pangapa mukupadziwa, koma sichifukwa chake. Ndinalakwa."

"Inenso ndinakunamizirani. Mphunzitsi mnzanga anandifotokozera momwe zimakhalira." Anatseka cholembera. "Koma zomwe munanenazo zinali zoona. N'chifukwa chake zinandipweteka."

"Sizinali zoona zonse. Iye ankati mukanabwera akanachita manyazi n'kumaphonya."

"Ankatero?"

"Ankatero."

Singano anatulutsa kakhadi kamodzi, n'kufotokoza zonse: makalata asanu ndi imodzi aja, oonera omwe sanasunge, bambo wa chithunzi cha galu. Anamuchenjeza kuti vidiyoyo inapangidwa pofuna kuwaseka, ndipo kuti nyimbo yathunthu mulibe ngakhale imodzi.

"Mwa zonse zija, zatsala mphindi zinayi. Ndipo ndi zomwe analakwitsa zokhazokha."

Mlamu wake anasuntha makope, n'kutsamiritsa foni pa kapu. Anakhala moyandikana. Ulendo uno phokoso sanachepetse. Ndodo itauluka anagwira pakamwa. Pa kuyetsemula paja anaseka mokweza, n'kunena kuti ndi mmene ankachitira ngakhale patebulo, katatu nthawi zonse, osati kawiri. Chidutswa chomaliza chitafika anasiya kuseka. Anamvetsera mawu aja, n'kubweza pang'ono, n'kumvetseranso.

"M'mavidiyo ena aja sankalankhula," anatero. "Masiku onse aja ndinkaonera, mawu ake sindinawamvepo. Mwina ndinkachepetsa kwambiri."

Anaonera kanayi. Kenako mlamu wake anaimitsa vidiyo pomwe Firiji anali atangotembenukira kumbali, kukamwa kutayamba kutseguka.

"Apapa akuyang'ana inu."

"Eya."

"Munachita chiyani? Chinamuseketsa chonchi n'chiyani?"

Singano anayang'anitsitsa chithunzicho. Anaona malaya omwe Firiji anavala, abuluu a kuntchito, ong'ambika pathumba. Anaona kuti ndevu anali atameta, ndiye kuti chinali chaka chachitatu kapena chachinayi. Nyimbo anaizindikira, ndipo zala zake zikanatha kuiimba pomwepo. Anayesa kudziika pomwe anaima tsikulo, kumanzere kwa ng'oma, gitala ili pamimba. Kodi anaterereka? Kodi analankhula kanthu? Kodi anayamba nyimbo ina m'malo mwa imeneyi? Masiku a Loweruka anali ambiri, ndipo onse anali atasakanikirana kukhala tsiku limodzi lalitali.

Akanatha kupeka. Akanati lamba wa gitala anaduka, kapena kuti mphemvu inamukwera mwendo, ndipo mlamu wake akanakhulupirira n'kumaikamba nkhaniyo moyo wake wonse.

"Ndaiwala, alamu," anatero. "Ndayesa kuyambira tsiku lomwe ndinaionera. Sizikubwera."

Mlamu wake anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanachotse maso pa foni.

"Mukadzakumbukira mudzandiuze. Ngakhale ndili m'kalasi, mudzaimbe foni."

"Ndidzaimba."

Kunja mwana wa eni nyumba ankakoka chidebe pa simenti. Kenako mlamu wake anadzuka kukateleka madzi, n'kufunsa ali kukhitchini ngati Singano angathe kudikira kuti amalize makope khumi otsalawo, kuti amuperekeze pokwerera basi. Singano anati adikira. Anakoka mulu wa makope omalizidwa, n'kuyamba kuwasanja bwinobwino m'chikwama.